Zigawo za kulimba kwa thupi: ku munda, pa msewu ndi pa bwalo ku Mzimba

Kulimba kwa thupi ndi dzina limodzi la zinthu zingapo zosiyana. Mwamuna amene amasenza thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa msika wa Jenda n'kuliponya pa lole amatchedwa wolimba. Mnyamata wa kabaza amene amachoka pa boma la Mzimba atakweza mayi ndi katundu wake, n'kupalasa mpaka kumudzi osatsika pa zitunda, nayenso amatchedwa wolimba. Dzina lomweli limaperekedwa kwa bambo wa imvi amene amavina ingoma m'tsinde mwa phiri la Hora, kuima ndi mwendo umodzi n'kuponda pansi fumbi lili koboo, iye osadzandira. Atati asinthane ntchito atatuwa, aliyense angaonekere pamene aperewera: wa matumba befu lingamugwire pa chitunda chachiwiri, wa kabaza thumba lingamukanike kufikitsa pa phewa, ndipo awiri onsewa angasokoneze mzere wa ingoma. Thupi limalimba m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi ziwalo zake, muyeso wake ndi njira yake yochikulitsira.

Kagawidwe kamene mabuku ambiri a zaumoyo ndi zamasewera amatsata kanakhazikika mu 1985, pamene Carl Caspersen, Kenneth Powell ndi Gregory Christenson, a ku bungwe la CDC ku America, analongosola mawu amene anthu ankawasokoneza. Iwo anasiyanitsa kugwiritsa ntchito thupi mwa mtundu uliwonse, monga kulima, kutunga madzi kapena kuyenda kupita ku chigayo, ndi masewera olimbitsa thupi, amene munthu amachita mwadala ndiponso mobwerezabwereza kuti thupi lisinthe. Kulimba kwenikweniko ndi mmene thupi lilili chifukwa cha zonsezo pamodzi ndi chibadwa, msinkhu, zakudya ndi matenda. Zigawo zake zisanu zimakhudza moyo wa munthu aliyense: kupirira kwa mtima ndi mapapo, mphamvu za minofu, kupirira kwa minofu, kufewa kwa thupi, ndi kapangidwe ka thupi. Zina zisanu ndi chimodzi zimakhudza kwambiri luso la pa bwalo: liwiro, mphamvu ya dzidzidzi, kukhota msanga, kukhazikika osagwa, kugwirizana kwa ziwalo, ndi changu choyankha chimene maso aona kapena khutu lamva. Ku Mzimba, boma lalikulu kuposa onse m'Malawi, kumene anthu ambiri amadya za khasu lawo, kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa ntchito ya kumunda imapereka zigawo zina mosefukira n'kusiya zina osazikhudza.

Mtima ndi mapapo

Chigawo chimene madokotala amachiika patsogolo ndi kupirira kwa mtima ndi mapapo. Apa akunena za mmene thupi limatengera okosijeni mumpweya, kumulowetsa m'magazi, kumupopera ku minofu, ndi minofuyo kumugwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali. Munthu atakhala pansi, mtima wake umapopa malita pafupifupi 5 a magazi pa mphindi. Pothamanga mwamphamvu, mtima wa munthu wamba umafika pa malita 20 kapena kuposerapo pang'ono, pamene wa katswiri wothamanga mitunda italiitali umapitirira 30. Mtima wa katswiriyo sugunda mofulumira kuposa wa mnzake. Umatulutsa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. N'chifukwa chake popuma sufunika kugunda kwambiri. Kwa munthu wamkulu wamba umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, koma kwa wozolowera kuthamanga kapena kupalasa njinga ungatsike kufika ka 50 ngakhale ka 40. Muyeso umenewu sufuna makina: zala ziwiri pa dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu, m'mamawa munthu asanadzuke pa mphasa, ndi wotchi ya pa foni.

Muyeso wa akatswiri umatchedwa VO2 max, ndipo umanena za okosijeni wochuluka koposa amene thupi lingagwiritse ntchito pa mphindi imodzi, poyerekeza ndi kulemera kwake. Mnyamata wosachita masewera amakhala pa mamililita 35 mpaka 45 pa kilogalamu iliyonse, pamene akatswiri a dziko lonse othamanga mitunda italiitali amadutsa 70. Kuuyeza molondola kumafuna makina a mu labotale, koma mu 1968 Kenneth Cooper, dokotala wa asilikali a m'ndege ku America, anapeza njira yachidule: munthu athamange mphindi 12, kenaka mtunda umene wayenda uyezedwe. Kwa mwamuna wa zaka za m'ma 20, kudutsa mamita 2,800 ndi kulimba kwambiri, ndipo kulephera kufika 1,600 ndi kufooka. Bwalo la mpira la mamita 105 mulitali ndi 68 mulifupi lili ndi mamita 346 kuzungulira, choncho kuzungulira kasanu ndi katatu kukuyandikira malire apamwambawo. Mabwalo a kumudzi, monga a ku Manyamula, Luwerezi kapena Champhira, sakhala ofanana kukula, ndipo mphunzitsi wofuna muyeso woona ayenera kuyamba wayeza bwalo lake ndi chingwe.

Okosijeni amayenda pa magazi, choncho chilichonse chochepetsa magazi chimadula kupirira ngakhale mtima uli bwino. Malungo amaswa maselo ofiira. Likodzo ndi njoka zam'mimba zimakhetsa magazi pang'onopang'ono. Zakudya zosowa ayironi zimalepheretsa thupi kupanga ena, ndipo vutoli limagwa kwambiri pa atsikana ndi amayi. Mtsikana wa mpira wamanja amene wayamba kutopa msanga kuposa kale nthawi zambiri amanenedwa ulesi, chikhalirecho chofunika ndi kukayezetsa magazi ku chipatala cha boma pa Mzimba, ku Embangweni kapena ku Katete. Mapapo nawo amaonongeka ndi fodya, chifuwa chachikulu, ndi utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo, umene mayi amaupuma tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri.

Kukwera kwa malo kuli ndi gawo lake. Tawuni ya Mzimba ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,350 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mapiri a Viphya, cha ku Luwawa ndi Chikangawa, ndi okwera kuposa pamenepo, pamene gombe la nyanja ya Malawi silifika bwino pa mamita 500. Pa mtunda wa tawuniyi mpweya ndi wopepukirapo ndi magawo pafupifupi 15 pa 100, ndipo thupi lokhala kumeneko limazolowera. Komabe phindu lake pa mpikisano ndi lochepa, chifukwa malo amene othamanga amapita kukakonzekera amakhala okwera kwambiri: Iten ku Kenya ali pa mamita pafupifupi 2,400. Ngakhale kumeneko, chimene chimatulutsa akatswiri ndi makilomita ambiri pa sabata, aphunzitsi, ndi mipikisano ya m'sukulu yosadukiza. Chuma chenicheni cha Viphya kwa wothamanga ndi wopalasa ndi misewu yafumbi yokwera ndi kutsika, yozizira, yopanda magalimoto ambiri, yomweyo imene yachititsa kuti Luwawa adziwike ndi mipikisano ya njinga za m'mapiri.

Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yotulutsa thukuta pang'ono, kapena mphindi 75 mpaka 150 za ntchito yamphamvu. Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta: amene akutha kulankhula koma sangaimbe ali pa yoyambayo, amene akungotulutsa mawu awiri atatu befu lili pakhosi ali pa yachiwiriyo. Mlimi wa kwa Mzikubola kapena kwa Khosolo amapitirira muyeso umenewu sabata lisanafike pakati. Amene amaperewera ndi wa mu ofesi pa boma, wa m'golosale wokhala kuseri kwa kauntala tsiku lonse, woyendetsa minibasi, ndi wa kabaza amene wasiya njinga yakapalasa n'kugula yamoto. Kusintha komalizaku kwabweretsa ndalama ndi changu, koma kwachotsanso maola a kupalasa m'moyo wa woyendetsa, ndi maola a kuyenda pansi m'moyo wa wokwera. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri a iwo osadziwa.

Palinso mfundo imene akafukufuku a ku Denmark aiunika kwambiri pakati pa antchito a ku Ulaya: ntchito yolemetsa ya tsiku lonse sipatsa mtima phindu lofanana ndi masewera. Chifukwa chake n'chakuti ntchito imatenga maola ambiri pa mlingo wosakwera mokwanira kukulitsa mtima, imakweza BP ponyamula ndi powerama, ndipo sipereka mpata wopuma. Mlimi angakhale wotopa tsiku lililonse koma BP yake ili pamwamba, choncho kulima sikuchotsa kufunika kokayezetsa.

Minofu

Mphamvu za minofu ndi kulemera kwakukulu kumene munthu angakunyamule, kukoka kapena kukankha kamodzi. Kupirira kwa minofu ndi kubwereza ntchito yopepukirapo nthawi zambiri osafooka. Kukweza thumba la chimanga pa ngolo ndi mphamvu. Kuunda mizere kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu ndi kupirira. Kusiyanaku kuli m'kati mwa mnofu weniweniwo, umene uli ndi mitundu iwiri ikuluikulu ya timinyewa. Tina timakoka pang'onopang'ono, timadalira okosijeni ndipo sititopa msanga. Tina timakoka mwamphamvu ndi mofulumira, koma timatha m'kanthawi kochepa. Kuchuluka kwa mtundu uliwonse kumadalira kwambiri chibadwa, ngakhale kuti kuzoloweretsa kumasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Munthu akayamba kunyamula zolemera, mphamvu zimakwera m'masabata oyamba mnofu usanakule n'komwe, chifukwa ubongo ndi mitsempha zimaphunzira kuitana timinyewa tambiri nthawi imodzi. Kukula kooneka ndi maso kumabwera pambuyo pa miyezi.

Chitsanzo cha kupirira kwa minofu chimene anthu a kuno amachidziwa bwino ndi amacheka a ku nkhalango ya paini ya Chikangawa. Amuna awiri, wina pamwamba pa chipika wina pansi, amakoka sowo yaitali maola ambiri, ndipo matabwa amatuluka m'zigwa atasenzedwa pamutu. Mapewa, msana ndi mikono ya anthu otere zimalimba modabwitsa. Koma ntchito yobwereza kayendedwe kamodzi imalimbitsa minofu yomweyomweyo n'kusiya ina. Khasu limagwiritsa ntchito msana wowerama ndi mikono yokoka. Minofu ya pamimba, ya m'matako ndi yokankha imatsalira, ndipo kupendekeka kumeneku kumathandizira kupweteka kwa msana kumene alimi ambiri amadandaula nako. Mankhwala ake ena ndi osalira ndalama: kunyamula katundu mopinda mawondo m'malo mopinda msana, kumusendeza pafupi ndi thupi, ndi kuwongoka pafupipafupi pakati pa mzere.

Kusenza pamutu kuli ndi nkhani yake. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo mayi kapena mtsikana angachisenze kangapo pa tsiku kuchokera ku mjigo. Kafukufuku wa ku Kenya wa 1986 anapeza kuti amayi ozolowera kusenza ankanyamula katundu wolemera gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lawo popanda kuonjezera mpweya umene ankagwiritsa ntchito, koma kafukufuku wina pambuyo pake anaonetsa kuti si amayi onse amene ali ndi luso limeneli, ndiponso kuti khosi limamva kuwawa. Kusenza kumalimbitsa khosi ndi msana ndi kuphunzitsa kuyenda mowongoka. Kukapitirira muyeso, makamaka kwa mwana amene mafupa ake akukulabe kapena kwa mayi woyembekezera, kumavulaza.

Mphamvu za minofu si za anyamata okha ofuna zifuwa zotambalala. Kuyambira zaka za m'ma 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo kuchepaku kumafulumira pambuyo pa zaka 60. Kafukufuku wamkulu wa PURE, amene anatsata anthu pafupifupi 140,000 m'maiko 17 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anapeza kuti mphamvu yofinya dzanja ikatsika ndi makilogalamu 5, chiopsezo cha imfa chimakwera ndi magawo 16 pa 100. Dzanja pano likungoimira thupi lonse. Minofu ndiyo imatenga shuga wambiri m'magazi munthu akadya, ndipo kukoka kwake kumalimbitsa mafupa. WHO imati minofu yonse ikuluikulu izilimbitsidwa masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Zitsulo za ku jimu si zokhazo zothandiza: kunjuta ndi kuimirira, kudzikankha pansi ndi manja, kudzikoka pa nthambi ya mtengo, kapena chitsulo chomangidwa zitini za simenti mbali zonse, zimagwira ntchito yomweyo.

Kufewa kwa thupi ndi kutalika kwa mpata umene mfundo ya mafupa imatha kuyenda popanda kuwawa. Kumayezedwa kawirikawiri pokhala pansi, miyendo yowongoka, n'kufikira zala za kumapazi. Pa chigawo ichi moyo wa kumudzi uli patsogolo: mayi wokhala pa mphasa atatambalala, kupeta kapena kusankha nyemba, ndi bambo wonjuta pokonza njinga, amasunga chiuno, mawondo ndi akakolo zofewa mpaka ukalamba. Mpando wa mu ofesi ndi wa m'galimoto ndiwo umaumitsa. Kufewa kumakhala kwa mfundo imodzi payokha, kotero munthu angakhale wofewa chiuno koma wouma mapewa. Kudziwongola n'kukhala choncho masekondi 15 mpaka 30 kumathandiza thupi likatentha kale, osati minofu ili yozizira.

Kapangidwe ka thupi

Chigawo chachisanu chimanena za kuchuluka kwa mafuta poyerekeza ndi minofu, mafupa ndi madzi. Muyeso wofala ndi BMI, umene umapezeka pogawa kulemera kwa munthu m'makilogalamu ndi msinkhu wake m'mamita wochulukitsidwa ndi womwewo. Munthu wa makilogalamu 70 ndi msinkhu wa mamita 1.70 amapeza 24.2. Pansi pa 18.5 ndi kuonda kopitirira, kuyambira 25 ndi kulemera kopitirira, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kumene kuli matenda pakokha. Muyesowu susiyanitsa mnofu ndi mafuta, choncho ungamunamizire wonyamula matumba wa minofu yambiri. Tepi ya telala imanena zoona kuposa sikelo: mimba yopitirira masentimita 94 kuzungulira kwa mwamuna, kapena 80 kwa mkazi, imasonyeza mafuta ozinga ziwalo zam'kati, amene amayenda limodzi ndi shuga ndi BP.

M'Malawi vutoli lili mbali ziwiri, ndipo nthawi zina m'nyumba imodzi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwana wopinimbira amakula ndi msinkhu wochepa ndi minofu yochepa, ndipo zimene zinatayika m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pa kutenga pakati mpaka zaka ziwiri, sizibwezeretseka zonse ndi masewera a patsogolo. Tingati timu ya sukulu imayamba kusankhidwa ku sikelo ya ana, kumene alangizi a zaumoyo amayeza mkono ndi tepi ya mitundu. Mbali inayo ndi kunenepa kumene kukukula m'tawuni ndi m'misika ikuluikulu, kumene chipisi, mandasi ndi zakumwa zotsekemera zili pafupi. Mzimba ndi boma limene anthu ake ambiri amapita kukagwira ntchito ku South Africa, ndipo wobwerako ndi thupi lodzaza amaonedwa kuti zamuyendera. Kuonda nakonso kunatenga dzina loipa m'zaka zimene Edzi inkapha anthu ambiri. Maganizo awiriwa amachititsa kuti langizo lochepetsa thupi limveke ngati chipongwe, ngakhale pamene likupulumutsa moyo.

Zakudya zomanga thupi zilipo m'dera lomweli. Munthu wamba amafuna pafupifupi magalamu 0.8 a zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake pa tsiku, ndipo wosewera wolimbikira amafuna 1.2 mpaka 2.0. Soya, nyemba, mtedza, mazira, usipa ndi chambiko cha ng'ombe za Angoni zimakwanitsa zimenezi popanda ufa wa m'mabotolo wodula. Nsima imapereka mphamvu yoyendera, ndipo wothamanga amaifunadi. Cholakwika chimakhala mbale imene nsima yadzaza, ndiwo n'kungokhala zopakira. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsidwa m'zipatala ndi m'sukulu za m'Malawi amakwanira wosewera monga momwe amakwanira mwana.

Luso la pa bwalo

Zigawo zisanu ndi chimodzi zotsalazo zimaoneka bwino mwa Mwawi Kumwenda, wobadwira m'boma la Mzimba mu 1989. Msinkhu wake wa mamita 1.83 ndi wochepa poyerekeza ndi omwetsa zigoli ena a dziko lonse, monga Jhaniele Fowler wa ku Jamaica amene amayandikira mamita 2. Ngakhale zili choncho, iye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015. Malamulo a masewerawa ndiwo amasonyeza chimene chimafunika: mpira sukhala m'manja kupitirira masekondi 3, wosewera sayenda nawo, ndipo golo lili pa mamita 3.05. Wopambana ndi amene amathawa womutchinga mwa kukhota mwadzidzidzi, kudumpha pa nthawi yake, kuwakha ali m'mwamba, kutera osasuntha phazi, n'kuponya molunjika. M'sekondi imodzi zigawo zinayi kapena zisanu zagwira ntchito pamodzi.

Liwiro ndi kuyenda mtunda waufupi m'nthawi yochepa. Limadalira timinyewa tofulumira tija ndi nkhokwe yaing'ono ya mphamvu ya mu mnofu, imene imatha m'masekondi pafupifupi 10 ndipo imafuna mphindi zingapo kuti idzazenso. N'chifukwa chake liwiro silikula pozungulira bwalo kambirimbiri. Limakula pothamanga mamita 20 kapena 30 ndi mphamvu zonse, kupuma mokwanira, n'kubwerezanso. Mphamvu ya dzidzidzi ndi mphamvu yotulutsidwa mofulumira, monga podumpha kapena pomenya mpira. Chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa ali patali kwambiri pokumana ndi Morocco mu Januwale 2022, pa mpikisano wa Africa ku Cameroon, chinali mphamvu yotereyi yophatikizana ndi diso. Imayezedwa mosavuta pa khoma: munthu alembe ndi choko pamene dzanja lafika ataimirira, adumphe, alembenso, ndipo mpata wa pakati ndiwo muyeso. Kukhota msanga kumafuna kuima mwadzidzidzi, ndipo apa m'pamene bondo limavulala. Kumwenda anaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens, anabwerera pa bwalo chaka chotsatira, ndipo mu 2020 anasankhidwa wosewera bwino koposa pa ndime yomaliza imene timu yake inapambana. Iye anali ndi madokotala ndi akatswiri omuthandiza. Mtsikana wa ku Embangweni wovulala chimodzimodzi kawirikawiri masewera ake amathera pomwepo. Kuvulala kumeneku kumagwera akazi kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi amuna a masewera omwewo, ndipo kumachepa pophunzira kutera mawondo opindika, osagwera m'kati, ndi polimbitsa ntchafu ndi matako. Ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+, ya mphindi 20 yosafuna zipangizo zapadera, yaonetsa kuti imachepetsa kuvulala ndi gawo pafupifupi limodzi mwa atatu m'matimu oitsata mokhulupirika.

Kukhazikika ndi kugwirizana kwa ziwalo ndi ntchito ya ubongo, maso, khutu lam'kati ndi mitsempha ya m'mapazi. Ingoma, imene imavinidwa pa mwambo wa Umthetho ku Hora mwezi wa Ogasiti pamaso pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndi sukulu yathunthu ya zimenezi. Wovina amanyamula chishango dzanja lina, chibonga dzanja lina, amakweza bondo, amadikira pa mwendo umodzi, n'kuponda nthawi yomweyo ndi anzake onse motsata nyimbo ndi m'manja mwa amayi. Kuvina nthawi yaitali kumakwezanso mtima ngati kuthamanga. Masewera a ana ali ndi phindu lomweli: fulaye amaphunzitsa kuzemba, jingo amaphunzitsa kudumpha ndi kutera, phada amaphunzitsa kuima ndi mwendo umodzi. Ubongo wa mwana umagwira luso limeneli msanga kuposa wa wamkulu, ndipo sukulu imene imalanda nthawi yosewera kuti ionjezere maphunziro a mayeso imachotsa chinthu chovuta kuchipeza pambuyo pake.

Changu choyankha ndi nthawi ya pakati pa kuona kapena kumva chinthu ndi kuyamba kusuntha. Kwa munthu wamba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndipo khutu limafulumira pang'ono kuposa diso. Pa mpikisano wothamanga, wonyamuka masekondi 0.1 asanakwane mfuti italira amayesedwa kuti waba, chifukwa malamulo amaona kuti thupi silingayankhe msanga chotero. Penate yomenyedwa pa mamita 11 imafika pa golo theka la sekondi lisanathe, choncho goloboyi wabwino amawerenga chiuno ndi phazi la womenya mpira usanachoke. Mowa ndi kusowa tulo zimatalikitsa nthawi imeneyi, ndipo pa msewu wa M1 pa Jenda, pamene malole, njinga zamoto ndi oyenda pansi zimapanikizana, kachedwedwe kakang'ono kameneko kangatengere munthu ku chipatala.

Kakulidwe ka zigawozi

Thupi limasintha molingana ndi chimene lapatsidwa. Wosewera mpira wamiyendo wa ligi yaikulu amayenda makilomita 10 mpaka 12 pa masewero amodzi, koma mosakaniza kuyenda, kuthamanga pang'ono ndi kuthamangitsa, choncho kukonzekera kwake kuyenera kusakaniza chimodzimodzi. Kulemera kwa masewera kuyenera kukwera pang'onopang'ono, chifukwa mtima ndi minofu zimazolowera msanga kuposa mitsempha ndi mafupa, ndipo wofulumira amavulala. Kusinthako kumachitika popuma, makamaka m'tulo. Chimene chapezeka chimathanso: masabata awiri kapena anayi ongokhala amatsitsa kupirira kwa mtima mooneka, ngakhale kuti mphamvu za minofu zimachedwa kutha.

Nyengo za ku Mzimba zimayendetsa zonsezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ntchito ya kumunda imakhala pachimake pamene chakudya m'nkhokwe chikuchepa, ndipo matupi ambiri amatsika sikelo. Pambuyo pa kukolola chakudya chimachuluka, ntchito imachepa, ndipo mabonanza a mpira amayamba m'midzi, nthawi zina timu kusewera kawiri kapena katatu pa tsiku limodzi pa bwalo louma gwa. Mnyamata wochoka ku khasu amabwera ndi kupirira ndi mphamvu, koma minofu ya kuseri kwa ntchafu isanazolowere liwiro, ndipo m'kuzizira kwa Juni ndi Julayi imang'ambika mosavuta ngati sanatenthetse thupi.

Msinkhu nawo umasintha chigawo choyenera kutsogola. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafuna pafupifupi mphindi 60 za ntchito yotulutsa thukuta pa tsiku, ndipo mwa iwo kusewera kwa mitundumitundu kumaposa kukakamira masewero amodzi. Mayi woyembekezera wopanda vuto lina amalimbikitsidwa kupitiriza kuyenda ndi ntchito zopepuka, mphindi 150 pa sabata. Kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo, kukhazikika, kumene kunaikidwa m'gulu la luso la pa bwalo, kumasanduka nkhani ya moyo, chifukwa kugwa n'kuthyoka chiuno kumagoneka agogo ambiri osadzukanso. WHO imati okalamba azichita zolimbitsa miyendo ndi zophunzitsa kukhazikika masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata. Miyeso yake iwiri ingachitikire pakhonde: kuwerenga kangati munthu angaimirire ndi kukhalanso pa mpando m'masekondi 30 manja atapingasa pachifuwa, ndi kuona ngati angaime ndi mwendo umodzi masekondi 10, khoma kapena mdzukulu ali pafupi kuti agwirire.